Funsani a Makaniko: Njinga yanga ya matayala atatu ikuwira, kodi a fakitale angandithandize?

Mwezi uno mafunso ambiri amene afika ndi a nkhani imodzi, kutentha kwa injini za njinga zamoto za matayala atatu, kaya ma keke onyamula anthu mtauni kaya zija za bodi kumbuyo zonyamula katundu. Ndi nyengo yake, Okutobala ndi Novembala injini iliyonse imene inali ndi kavuto kobisika imadziulula. Ndasankhapo atatu.

FUNSO: A Makaniko, ine ndine bambo wa ku Nchalo. Ndinagula njinga ya matayala atatu ya katundu, 200cc, ya redieta, pa shopu ina ku Limbe miyezi isanu yapitayo ndipo ndalama zina ndinachita kutenga ku banki m'khonde. Ndimanyamulira chimanga, simenti, nthawi zina njerwa. Poyamba inalibe vuto koma pano ikangoyenda pang'ono masana madzi akuwira nkumatuluka pa kapaipi ka pambali kaja, mphamvu nayonso ikutha. Makaniko wa kwathu kuno anachotsa themositati akuti ndi ya kumayiko ozizira koma palibe chasintha. Nditabwerera ku shopu akuti waranti inatha tsiku limene makaniko wina anaigwira. Anzanga atatu amene anagula mtundu womwewu akudandaulanso zomwezi. Kodi ndingalembere ku fakitale ku China kuti atikonzere? Ngongole ikundidikira sabata iliyonse.

YANKHO: Pepani kwambiri bambo, njinga ya ngongole ikaima mutu umaimanso, ndikumvetsa. Tiyambe ndi injiniyo, za fakitale tibwere nazo pambuyo chifukwa a banki m'khonde sangadikire kalata yochokera ku China.

Chonde musaikakamizenso kuyenda ikuwira. Hedi ya injinizi ndi ya aluminiyamu, ikapsa kangapo imapindika, gasiketi nkuphulika, mapeto ake pisitoni imagwirana ndi silinda ndipo apo ndiye mulowa m'thumba zenizeni. Ikawira imani pamthunzi, zimitsani, dikirani izizire yokha. Chivindikiro cha redieta osachitsegula ikadali yamoto, madzi a m'katimo amakhala atapanikizika, mukangomasula amatuluka ndi nthunzi yomwe nkukusupulani manja ndi nkhope, ndaonapo anyamata atapsa koopsa chifukwa chofulumira.

Chivindikiro chomwecho ndiye ndingayambe kuchikayikira, komanso ndi chotchipa kuposa zonse. Madzi osapanikizika amawira pa madigiri pafupifupi 100, koma chivindikiro chabwino, zambiri zimalembedwa 0.9 kapena 1.1 pamwamba, chimasunga mphamvu ya mpweya m'katimo moti madzi amatha kufika cha m'ma 120 asanawire. Rabala yake ikang'ambika kapena sipuling'i ikafooka madzi amayamba kuwira msanga nkumathawira pa kapaipi kamene mukunenako, akachepa injini imatentha kuposa poyamba, mukuthira ena, akuthawanso, basi kumangozungulira. Gulani chatsopano cha nambala yofanana ndi imene yalembedwa pa chakalecho.

Ndiye ndikufunseni, mumathira madzi anji? Ngati ndi a pa mjigo vuto lina lili pomwepo. Madera ambiri a ku Chikwawa ndi Nsanje madzi a pansi ndi amchere, akamatenthedwa tsiku ndi tsiku amasiya zoyera zolimba komanso dzimbiri m'timipata ta redieta, timipatato ndi tating'ono zedi sitichedwa kutsekeka, ndipo miyezi itatu inayi ndi yokwanira. Izi zikugwirizana ndi zimene mwanena kuti poyamba inali bwino. Makaniko achotse madzi onse, atsuke redieta ndi injini mpaka madzi azituluka oyera, kenako muthire kulanti, madzi a mankhwala oziziritsira injini, ngati ndi yosasungunula muisakanize theka ndi theka ndi madzi aja osefedwa amene amathira mu batire, ndikunena madzi osati asidi. Pothira ayendetse injini chivindikiro chili chotsegula, injini ili yozizira, kuti mpweya wotsalira m'mapaipi utuluke, apo ayi pampu imangopukusa mpweya madzi osazungulira. Kunja kwa redieta nakonso muone, kwanuko nyengo yodula nzimbe phulusa ndi timasamba zimamatirira pamodzi ndi fumbi, tsukani ndi madzi opanda mphamvu kuchokera kumbuyo. Ndipo ngati munapachika chikwangwani, lona kapena zokongoletsa kutsogolo kwa redieta chotsani, ku Nchalo masana kukafika madigiri 40 injini ikufuna mphepo yonse imene ingapeze.

Fani ya kumbuyo kwa redieta imayaka? Iyimikeni njingayo ikulira, muyang'ane ngati fani ikuyamba kuzungulira injini ikatentha. Ikapanda kutero ndi fiyuzi, waya wothothoka kapena kasensa kamene kamaiyatsa, ndipo misewu yathu ya mabampu imamasula mawaya amenewa kawirikawiri.

Za themositati ndikutsutsana nawo amakaniko anzangawo. Kachitsulo kameneka sika kumayiko ozizira okha ayi, ntchito yake ndi kuthandiza injini kufika msanga pa kutentha koyenera nkukhazikika pamenepo, ndipo pa injini zina kakachotsedwa madzi ena amadutsa njira yachidule osafika ku redieta. Kakafa katatsekeka inde kamawiritsa injini, koma mankhwala ake ndi kugula kena. Ndipo poti anachotsa koma vuto likadalipo, ndiye kuti sikanali kolakwa.

Zonsezi zikachitika koma ikuwirabe, muyese gasiketi ya hedi. M'mawa injini ili yozizira tsegulani chivindikiro, lizani, muone ngati m'madzimo mukutuluka thovu losalekeza. Sololaninso kamtengo koyezera oyilo, mukapeza oyilo akuoneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti madzi alowa, musailizenso mpaka hedi itsegulidwe, ndipo asangosintha gasiketi yokha, hediyo ayiyeze ngati sinapindike.

Tsopano za katundu, apa ndilankhula mosabisa. Thumba la simenti ndi makilogalamu 50, la chimanga chimodzimodzi, ndipo bodi ya njingazi ndi yayikulu moti imanyenga, malo amakhalapo koma injini ya 200cc ndi ya silinda imodzi basi. Pa felemu kapena m'buku lake pamalembedwa kulemera kumene inapangidwira, werengani matumba anu mufanizire. China chimene oyendetsa ambiri sachidziwa ndi chakuti pampu ya madzi imazungulira molingana ndi injini, ndiye mukakwera chitunda pa giya yayikulu injini ikubuula pansipansi, moto m'katimo umakhala wochuluka pomwe madzi akuyenda pang'onopang'ono. Tsitsani giya injini izipepukidwa, ngati yanu ili ndi kagiya ka low kaja ka ku ekiselo ya kumbuyo muzikagwiritsa ntchito pa mchenga ndi pa zitunda. Chitunda cha ku Thabwa pokwera kupita ku Blantyre, ndi katundu wodzadza masana, ine sindingakulangizeni, nyamukani m'bandakucha. Onaninso mabuleki a kumbuyo ngati sakugwira okha, ndi mpweya wa m'matayala, zimenezi zimalemetsa injini mwakachetechete.

Tibwere ku fakitale. Kulemba mutha kulemba, koma mudziwe kaye kuti mukulembera ndani. Njinga zambiri za katundu zochokera ku China sizipangidwa ndi kampani imodzi, injini imachokera kwina, mzinda wa Chongqing ndi umene uli ndi mafakitale akuluakulu a injini za njinga monga Zongshen, Loncin ndi Lifan, felemu ndi bodi amalumikiza ena, ndipo dzina limene lamatidwa pa thanki nthawi zambiri ndi la wamalonda amene anaitanitsa. Fakitale kasitomala wake ndi woitanitsayo amene amagula makontena, inu ndi ine sitili m'mabuku awo. Ndiye khomo lanu lenileni ndi shopu ija ndi amene amaipatsa katundu, iwowo akalemba ku fakitale kuti njinga za gulu lakuti zikubwerera ndi vuto limodzi fakitale imamva, chifukwa ikuopa kutaya oda yotsatira.

Apa ndi pamene anzanu atatu aja ali ofunika kuposa china chilichonse m'kalata yanu. Munthu mmodzi akadandaula amamuuza kuti umadzadzitsa katundu, koma anthu anayi a mtundu umodzi ogula nyengo imodzi nkovuta kuwabweza. Khalani pansi pamodzi, aliyense alembe nambala ya chasisi, imakhala ya zilembo ndi manambala 17 ndipo zambiri za ku China zimayamba ndi L, alembe nambala ya injini, tsiku logula, makilomita amene vuto linayambira, ndi zimene zinakonzedwapo. Jambulani vidiyo ya geji ikukwera ndi madzi akutuluka, njinga ili ndi katundu wosapitirira muyezo kuti asapeze pothawira. Manambala a chasisi akapezeka oyandikana ndiye umboni wanu walimba, zikusonyeza kuti zinatuluka limodzi ndipo mwina zinaikidwa redieta yaying'ono kapena masensa ofooka. Lembani kalata imodzi musayine nonse, munene chimene mukufuna momveka, kaya kusintha redieta ndi fani mwaulere kaya kuyezedwa ndi makaniko wawo inu mukuona, mupereke masiku oti ayankhe, ndipo kope lanu alidinde kapena alisayine. Zapakamwa pa kauntala zimathera pomwepo.

Nkhani yoti waranti inatha, apempheni akuonetseni pamene zinalembedwa pa pepala limene munapatsidwa pogula. Ndi zoona kuti mawaranti ambiri amakana njinga imene yasinthidwa kapena yosapita ku sevisi pa nthawi yake, ndipo kuchotsa themositati kuja kwawapatsa chonamizira, koma vutolo linayamba makaniko asanaigwire, mufotokoze zimenezo m'kalatamo ndipo ngati munawaimbira kapena kuwalembera pa WhatsApp nthawi imeneyo sungani mauthengawo. Akakana kapena akangokhala chete, pitani ndi risiti ndi makalata anu ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma limene limalandira madandaulo a ogula, likulu lake lili ku Lilongwe. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, ndipo a Consumers Association of Malawi nawonso amamva nkhani zoterezi. Musachite manyazi, munalipira ndalama.

FUNSO: Zikomo a Makaniko. Ndine mayi wa ku Area 25 ku Lilongwe, ndili ndi keke imene ndinampatsa mnyamata kuti aziyendetsa. Ilibe redieta. Akuti masana pa mzere wa magalimoto mtauni imatentha mpaka kumazima yokha, ndiye anachotsa chivindikiro cha pa injini kuti izipitidwa mphepo, ndipo ikatentha amaithira madzi. Oyilo akuthanso msanga. Ndikumuona ngati akundiwonongera koma iye akuti ndi mmene anzake onse amachitira pa siteji. Zoona zake ndi ziti?

YANKHO: Mayi, maso anu akuona bwino, mnyamatayo cholinga chake nchabwino koma zonse ziwiri akuchitazo zikupha injini.

Ma keke ambiri amene ali m'misewu yathu ndi ochokera ku India, monga Bajaj RE ndi TVS King, injini yake ya pafupifupi 200cc ili kumbuyo kunsi kwa mpando wa okwera kumene mphepo ya mumsewu sifika bwino. Ndiye opanga anaika fani imene imazungulira pamodzi ndi injini, ndi chivindikiro chimene chimakuta silinda. Chivindikirocho sichokongoletsa, ndi njira ya mphepo, chimaigwira mphepo ya fani nkuikakamiza kudutsa pakati pa timapanga tachitsulo ta pa silinda ndi pa hedi. Mukachichotsa fani imangomwaza mphepo paliponse, mbali ina ya silinda nkumapsa. Chibwezeretsedwe lero lomwe, ndi mabawuti ake onse, ngati chinasweka gulani china. Asanachibwezere atsuke timapangato, chifukwa oyilo akamadontha nkusakanikirana ndi fumbi amapanga chikhungu chimene chimasunga kutentha, aonenso ngati mapiko a fani sanathyoke komanso ngati pa sefa yolowera mphepo sipanamatirire majumbo.

Kuthira madzi ozizira pa hedi yamoto ndi koopsa, chitsulo chimakhwinyata mbali imodzi mwadzidzidzi ina ikadali yotentha, chimatha kupindika kapena kuchita mng'alu. Aiyimike pamthunzi basi. Ndipo pa siteji podikira anthu azizimitsa, asamaisiye ikulira.

Pa injini yopanda madzi oyilo ndi amene amathandiza kwambiri kuchotsa kutentha, ndipo amalowamo ochepa, ndiye akachepako pang'ono zimaoneka msanga. Mnyamatayo aziyeza m'mawa uliwonse asanalize, njinga ili pamalo osapendekeka. Gulani oyilo wa m'botolo lomata wa nambala imene yalembedwa m'buku lake, zambiri zimafuna 20W-50, wa m'mabotolo a pamsewu uja simudziwa kuti anachokera mu injini ya ndani. Poti mwati akutha msanga muone ku ekizozi, utsi wa buluu ukutanthauza kuti maring'i a pisitoni kapena masili a mavaluvu ayamba kutha, mwina chifukwa cha kupsa komweku, ndipo kukonza pano nkotchipa kusiyana ndi kudikira inoke.

Pali china chimene ndikuchikayikira ngakhale simunachitchule. Mafuta atadula chonchi oyendetsa ambiri amapita kwa makaniko kuti awafinyire kabureta izimwa pang'ono, amaika jeti yaying'ono kapena kutsitsa singano. Petulo akachepa mpweya nkuchuluka moto wa mu silinda umatentha kwambiri. Kuno kwathu nkofunika kusamala kawiri, chifukwa petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wa ku nzimbe kuyambira 1982 pamene fakitale ya ethanol ya ku Dwangwa inayamba, ndipo ethanol mwachibadwa amafuna kuti mafuta azilowa ochulukirapo pang'ono, ndiye kabureta yofinyidwa imafika poipa msanga. Masulani pulagi muone kunsonga kwake, ikakhala yofiirira zili bwino, ikakhala yoyera mbee kapena yosungunuka m'mphepete ndiye kuti injini ikusowa mafuta. Rabala yolumikiza kabureta ndi injini ikang'ambika, kapena sefa ya mpweya ikachotsedwa, zotsatira zake ndi zomwezo. Mumufunsenso za mafuta a m'zigubu nthawi imene pa filing'i siteshoni pauma, ena amathiramo parafini, injini imayamba kugogoda pokwera ndi kutentha, pisitoni mpaka kubooka. Mavaluvu nawo ayezedwe ndi geji yake osati kungoyerekeza ndi khutu, akathina kwambiri injini imatha mphamvu ikatentha nkumazima yokha ndendende mmene mwafotokozeramu.

Ndipo keke inapangidwira woyendetsa ndi okwera atatu. Ngati ndalama imene mumafuna pa tsiku ikumukakamiza kukweza asanu ndi katundu wawo, mukambirane bwinobwino, chifukwa bilu ya injini idzabwera kwa inu.

Ngati keke yanu ikadali pa waranti pitani nayo kwa dila wovomerezeka ndi buku la sevisi. Ubwino wa makampani akuluakuluwa ndi woti amakhala ndi njira yodziwika, akapeza kuti gulu lina la njinga lili ndi vuto amatumiza malangizo kwa madila awo, ndiye mufunse kuti ayang'ane nambala ya chasisi yanu ngati pali chimene chinalengezedwa. Ku India kuyambira 2021 boma lili ndi mphamvu yolamula kampani kuitanitsa galimoto zolakwika kuti zikakonzedwe, koma lamulo limenelo ndi la kwawoko, ife kuno podalira pathu ndi dila ndi mapepala athu.

FUNSO: Achimwene, ine ndili ku Johannesburg, ndinagulira mng'ono wanga ku Kasungu njinga ya katundu yopanda redieta. Akuti imatentha. Pa Facebook ndaona anthu akumanga karedieta ka oyilo ndi fani ya magetsi, nditumize zimenezi?

YANKHO: Achimwene, dikirani kaye musanatumize. Karedieta ka oyilo kamathandizadi pa njinga yonyamula katundu pang'onopang'ono nyengo yotentha, mitundu ina imachoka nako ku fakitale komwe. Koma ngati njingayo ikadali pa waranti, tsiku limene mudzaboole kapena kulumikiza mapaipi achilendo ndi tsiku limene mwawapatsa ogulitsa chifukwa chokukanirani, ndiye yambani mwawafunsa ngati ali nako kawo kovomerezeka ndipo amange okha, akulembereni pa risiti.

Komanso kuti imatentha kokha sikukwanira, injini yopanda madzi imakhala yamoto ndithu moti simungaigwire ngakhale ili bwinobwino. Mng'ono wanuyo akuuzeni ngati ikutha mphamvu, ikugogoda, ikununkha oyilo wopsa kapena ikuvuta kuliza ikatentha. Zikakhala choncho ayambe ndi zimene ndawauza mayi a ku Area 25, oyilo, pulagi, mavaluvu, kabureta ndi matope a pa silinda, chifukwa kumanga karedieta pa injini imene ikusowa mafuta kumangobisa vutolo pisitoni ikupitiriza kupsa. Waranti ikatha ndipo zonsezo zili bwino, tumizani, koma kakhale ka injini ya mtundu womwewo, mapaipi ake adutse kutali ndi ekizozi, oyilo awonjezereko pang'ono poti kamatengako wina, ndipo sabata yoyamba aziyang'ana m'malumikizidwe m'mawa uliwonse ngati sakudontha. Fani ya magetsi musanagule afunse makaniko wa zamagetsi ayeze ngati koyilo ya njingayo ingakwanitse kutchaja batire fani ndi nyali zikuyaka limodzi.